Amayi Genoveva Ankakalipira Mulungu

Ku Tsangano konse kunalibe munthu wopemphera ngati Amayi Genoveva. Ena Mulungu amamupempha, iwo ankamukalipira. Ndipo wina asayerekeze kunena kuti chinali chipongwe, amasiye akuno angamuthamangitse mpaka ku Ntengo-Wambalame!

Kafunseni a Clemente. Akazi awo, a Natália, atamwalira, bamboyo anadzitsekera m'nyumba milungu itatu. Mbatata ya kachewere inakhwima osakumbidwa, Misa anaisiya, chakudya ankangochiyang'ana. Akatekisita anabwera ndi mawu ofatsa, n'kubwerera nawo.

Kenako kunatulukira a Genoveva, khasu paphewa, kolona m'khosi. Sanaodire n'komwe. Anangogwada pakhomo penipeni.

"Ambuye, ndabwera ndi mlandu! Natália mwatenga, chabwino, ngwanu. Koma mwachiona chimene mwatisiyira? Munthu wophika nyemba zolimba ngati miyala ya mumsewu! Munaganiza bwino?"

"Akumadre, anthu akumva," anatero a Clemente kuseri kwa chitseko.

"Amve! Inu khalani chete, sindikulankhula ndi inu. Ambuye, Mwana wanu analira pamanda a Lazaro, ndiye kulira sitikukana. Koma analira milungu itatu mbatata ikuwola?"

A Clemente anafuna kukwiya, koma chinatuluka ndi chiseko, chisekocho n'kusanduka misozi. A Genoveva anawaleka alire mpaka atatopa, kenako anawapatsa khasu. "Pronto, basi. Amen tikanenera kumunda."

Tsikulo anakumba mizere isanu. Pa Domingo, tsiku la Mulungu, a Clemente anakokeredwa kutchalitchi atagwidwa malaya ngati mbuzi yopita kumsika.

Ulendo wina mayiwa anakafika mpaka ku Chidzolomondo kukaimba Mulungu mlandu wa denga lodontha la mayi wina wamasiye. Amuna a m'mudzimo manyazi anawagwira, dzuwa lisanalowe nyumba inali itafoleredwa. Apadiri, ansembe athu, anayesa kuwalangiza kuti Mulungu si wogontha.

"Ndikudziwa, Apadiri. Wogontha ndi namfedwa."

Chisanu cha chaka chatha chinawatenga a Genoveva. Pamaliro masiku ano anthu amapemphera mwaulemu, monong'ona, ndipo namfedwa amabwerera m'nyumba monga anatulukira.

Amuna awo, a Gaspar, nawonso anadzitsekera. A Clemente anadikira mlungu wathunthu kuti wina apiteko. Palibe anapita. Tsono munthu wofatsa uja, amene sangakalipire ngakhale nkhuku, ananyamula khasu, nakagwada pakhomopo.

"Ambuye, pepani, ine kukalipa sindidziwa. Amene ankadziwa uja mwatenga ndinu. Ndiye... ndiye munaganiza bwino?"

M'nyumbamo munamveka a Gaspar akumina.

"Kwezani mawu, akumpadre. Mukumuchititsa manyazi malemu."

Chitseko chinatseguka pang'ono, dzanja n'kutuluka.

"Bweretsani khasulo."