Zitseko za Ntchembere

Lolemba

Sipayi, mpolisi wa ku positu ya boma, wabwera dzulo titangotuluka m'kapela. Mawu ake ndi awa: Loweruka koluna ya matropa, mdipiti wa magalimoto a asilikali, idutsa pano, mudzi wonse unyamuke kupita ku aludeyamentu ku Chiputo, kumudzi wa waya kuja. Wotsala adziwa yekha.

Anzathu ayenda pansi kumbuyo kwa magalimoto a matropa. Amayi a Luwiza sangayende. Chifuwa chija chawagwira kuyambira nthawi yokolola, ndipo mwera uno chanyanya. Kungosesa pabwalo, fumbi pang'ono, akutsokomola mpaka kugwira nsanamira. Ndili ndi mantha, ndilembe poyera pano pamene saona.

Koma ine ndili ndi Ntchembere! Karinya yanga, galimoto ya katundu ya zitseko ziwiri. Mzungu wa kantina, sitolo ya pano, amene ndinkamuyendetsera anaisiya tsiku limene ankathawira ku Tete, itakana kulira. Anati ukaidzutsa ndi yako. Ndinaidzutsa. Ndine mkamwini pamudzi pano, munda si wanga, nkhokwe si yanga, mango awa si anga, koma Ntchembere ndi yanga.

Injini ilibe mlandu. Gazolina alipo, ndinakwirira chigubu kuseri kwa khola. Vuto ndi mphira za m'zitseko. Zauma, zikuyoyoka ngati makala. Ukakhala mkati n'kutseka, nkhuku ukuiona pampata ikudutsa panja. Kumbuyo kwa koluna, fumbi lonse la msewu wa Chiputo lidzathera m'chifuwa cha mkazi wanga.

Zofunika:
mphira zatsopano (kulibe)
kola womatira (kantina anatseka)
chopalira (mpeni ulipo)
thonje lotsekera m'kati mwa zitseko, mphepo isapyoze chitsulo
mtima wodekha (tiona)

Lero ndapala zakale zonse. Mizere yatsala mbee. Alamu anga a Tome, mchimwene wa amayi a Luwiza, aima ndi manja kumbuyo tsiku lonse. Akuti: “Alamu, anzanu akumanga katundu, inu mukumeta galimoto?” Ndapitiriza kupala. Aona Lachitatu.

Lachiwiri

Chubu cha njinga! Nzeru imeneyi yandidzera ndikusukusula. Kuchidula motalika, kupinda pawiri, basi mphira yapezeka.

Mudzi wonse chubu chabwino n'chimodzi, cha alamu a Tome. Zina zonse zinapita ku malegeni. Ndapempha bwinobwino, chipewa kumanja. Akuti njinga yawo idzayendera chiyani. Ndati, alamu, mutsendere udzu m'tayala monga akuchitira anthu onse nkhondo ino, ndi mlongo wanu amene akudwala, si wanga. Apereka, nkhope itakwinyika. Ndiye ndamva za chubu chimenechi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka: kumene anachigula, amene anawaperekeza, mvula imene inagwa tsikulo.

Kola palibe, ndiye ndaphika ulimbo. Utomoni wa kachere, monga tinkachitira kwathu ku Chipera potchera mbalame. Chogwira njiwa chingalephere chubu?

Ndapaka, ndamata, ndatseka zitseko zonse kuti zikanikize. Zatsekeka mwaulemu, phii, osati khwaa-khwaa wa masiku onse. Ha! Ndaitana amayi a Luwiza kuti amve. Amvera ali pamkeka, akuti: “Zikomo bambo a Luwiza. Nanga mitondo ndi mbiya mudzaziyika pati?” Akazi! Munthu wachita zodabwitsa, iwo ali pa mitondo.

Madzulo kwamveka mfuti chakumapiri. Patali. Aliyense wangoyang'ana m'mbale mwake.

Lachitatu

Zitseko sizikutseguka.

Ndakoka, ndakoka. Ndalowera pawindo ngati mbava m'galimoto yanga yomwe, n'kuponda ndi miyendo yonse iwiri. Chatseguka, koma chubu chatsala theka kuchitseko, theka kuthupi la galimoto, pakati pali ulusi wa ulimbo ndendende.

Ndinaiwala chinthu chimene mwana aliyense amadziwa: ulimbo suuma. Ndiyo ntchito yake imeneyo, kusauma! Mutu wangawu unali kuti?

Zimene Ntchembere yagwira pofika masana:
ntchentche zosawerengeka
nthenga za tambala wa eni ake, tambalayo wapulumuka ndi mchira theka
dzanja la malaya anga
mpheta imodzi yamoyo

Alamu a Tome akuti: “Ndiwo zapezeka, alamu. Mawa muitchere kudambo.” Chubu chawo chatha ntchito.

Amayi a Luwiza aseka. Sindinawamve akuseka chotero chiyambire chifuwachi. Aseka mpaka misozi, kenako kuseka kwasanduka kutsokomola, kutsokomola kosatha. Apukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu n'kuipinda msanga kubisa magazi. Ndaona. Akudziwa kuti ndaona.

Tsiku lonse lathera kuchotsa ulimbo ndi mafuta a nsatsi ndi mchenga. Manja akuwawa.

Nyumba ziwiri za kumunsi zadzuka zopanda anthu lero. Moto wozima, nkhuku zili m'khola. Alowera chakumalire, sindilemba zambiri. Luwiza wathu ndi mwamuna wake anadzera njira yomweyo chaka chatha. Ife njira imeneyo yatikana, ndi ya anthu a miyendo ndi mpweya. Kwatsala koluna basi, ndipo akuti ku Chiputo kuli enifermeru wa jakisoni. Ndikungogwira pamenepo.

Lachinayi

Mudzi wonse ukununkha nyama. Sipayi anati ku waya kulibe malo a ziweto zambiri, ndiye anthu akupha mbuzi m'malo mozisiyira afisi. Nyama yambiri chonchi, koma palibe woimba ngakhale mmodzi. Ana okha ndiwo akondwa.

Zikopa zili mbwee, zaulere. Nzeru yachiwiri: kudula chikopa m'mizere, kukulungamo thonje, kusoka ngati soseji wa azungu, n'kumangirira ndi waya m'timabowo ta m'mphepete mwa chitseko. Thonje lilipo thumba lathunthu, lija tinalima mokakamizidwa koma osabweranso wodzaligula. Lero lagwira ntchito koyamba.

Ndatsegulanso zikuto za m'kati mwa zitseko kuti nditsenderemo thonje. Chakumanzere ndapezamo banja la makoswe, mayi ndi ana. Ndawauza kuti nawonso asamuke, lamulo ndi la boma.

Zotsatira:
chitseko chakumanja sichikutsekeka, soseji wanenepa
chakumanzere chikutsekeka alamu a Tome akachitsamira ndi matako
galasi silikutsika kapena kukwera, thonje lalowa m'mano a chopukusira

Akuti alamu: “Ndiye ndidzathamanga m'mbali mpaka ku Chiputo nditatsamira?” Ndapsa mtima, ndaponya pulayala pansi, ndanena mawu oti mkamwini sanena pamudzi pa eni. Ndapita kukapepesa dzuwa lisanalowe. Iwo angoti: “Nanenso ndikumuona mlongo wangayo, alamu. Pangani zanuzo.” Andipatsa chiwindi chootcha.

Amayi a Luwiza lero apempha kuti tiwaperekeze kumanda akatsanzike amayi awo. Pafupi pomwepa, koma tapuma kangapo panjira. Pobwera ndawabereka. Apepuka ngati mtolo wa mapesi.

Lachisanu

Agalu! Agalu a pamudzi pano adya ntchito yanga yonse. Chikopa chachiwisi, ndimayembekeza chiyani? Chakumanja, chimene sichinatsekeke, achikukuta mpaka waya. Chakumanzere mwalowa linthumbu. Ndavina pabwalo ndikuvula buluku, apongozi a eni ake akuona.

Ndakhala pansi pa mango nthawi yaitali. Mawa ndi Loweruka. Chubu chatha, ulimbo wandinyoza, chikopa chadyedwa.

Kenako maso agwera pa kapoti wanga ali pachingwe. Kapoti wa ushofero, jasi la woyendetsa galimoto, wokhuthala, wa ubweya, amene ndinkavala pa maulendo a m'mamawa. Chovala chokha chofunda m'nyumba muno. Amayi a Luwiza amafunda yemweyo pamwamba pa bulangete mwera ukalimba.

Ndaganiza motere: zitseko zikatsekeka bwino, kapoti n'ngwachiyani? Mkati mudzakhala mofunda ngati m'nyumba.

Andiona ndikunola lumo. Akuti: “Bambo a Luwiza, kapotiyo musiyeni.” Ndati, mayi, khulupirirani amuna anu kamodzi kokha.

Ndadula mizere, ndapinda katatu, ndasoka, ndamanga ndi waya bowo lililonse. Ndachotsa thonje m'mano a chopukusira, ndathiramo mafuta. Galasi likukwera, likutsika. Chitseko ndangochikankha ndi zala: phii. Chinacho: phii. Popanda matako a munthu!

Kuyesa: amayi a Luwiza ndawakhazika mkati, ndakweza magalasi. Ine ndi alamu tatenga malichero a phulusa, tikuwaza m'zitseko mbali zonse, mwera ukutithandiza. Tatuwa ngati anamwali a m'chinamwali, mudzi wonse waima kuonerera. Ndatsegula. Pa nsalu yawo yakuda palibe ngakhale kadontho ka phulusa.

Akuti: “Muli zii muno. Mundisiye pang'ono.” Agona momwemo, mutu pagalasi, osatsokomola mpaka dzuwa kufiira. Ndakhala pa chitsa kuwalondera, ndikuthamangitsa ana ndi nkhuku.

Alamu a Tome akuti: “Mwatha, alamu.” Chikwatirire pamudzi pano, lero ndi loyamba kumva mawu amenewa.

Ambuye, zikomo. Mawa tipite bwino.

Loweruka

Ndikulemba tafika.

Koluna yabwera dzuwa litakwera. Ndaika Ntchembere pamzere, katundu kumbuyo, mitondo ndi mbiya zomwe, amayi a Luwiza mkati, magalasi okweza. Furiyeli, mkulu wa matropawo, mnyamata wamng'ono wa ndevu zosamera bwino, wazungulira galimoto n'kulankhula ndi sipayi. Sipayi akuti: “Zitseko zichoke.”

Ndayesa ngati sindinamve. Akuti msewu uli ndi mina, mabomba okwirira aja. Galimoto ikaponda, kapena zikayamba kulira m'tchire, munthu azitha kudumpha kapena kuponyedwa kunja. Ya zitseko zotseka ndi mphika wovundikira. Yopanda kuchotsa siilowa pamzere.

Ndayang'ana magalimoto awo. Onse opanda zitseko, matumba a mchenga pansi. Zaka zonsezi ndikuwaona akudutsa, ndimayesa ndi umphawi.

Ndagwada, ine bambo wa imvi, pamaso pa mwana uja. Ndamuonetsa mizere ya kapoti, ndatsegula ndi kutseka kuti amve phii. Wagwira ndi chala, wagwedeza mutu ngati akuyamikira. Wasuzumira mkati, waona amayi a Luwiza. Kenako wanena motsitsa mawu, sipayi n'kumasulira: “Akuti pepani bambo. Akuti fumbi ndi bwino kuposa moto.”

Ndagulula ndekha. Sindinafune kuti wina azigwire. Alamu andithandiza kuzimanga pamwamba pa matumba a chimanga, osanena nthabwala ngakhale imodzi.

Atiika kumbuyo kwenikweni kwa magalimoto. Ulendo wa kamba, oyenda ndi zitsulo zofufuzira mabomba ali patsogolo, kuima, kuyenda, kuima. Fumbi lofiira losaona ngakhale boneti. Mwera ukulowa uku n'kutulukira uku. Amayi a Luwiza afunda bulangete lathu lopyapyala mpaka kumutu. Ndavula malaya n'kuwafunditsa, sanakwane kanthu. Kapoti ali pamwamba pa chimanga, m'mizeremizere.

Atsokomola njira yonse. Nsalu yosapindikanso, magazi onse aonekera. Sananene za kapoti. Bwenzi atanena, mwina mtima ukanapepuka.

Mina sitinaponde.

Lamulungu

Aludeyamentu ndi iyi: waya kuzungulira, mizere ya nsanamira, denga la udzu wochepa. Makoma akuti tidzamanga tokha. Madzi ali kutali, mzere wake wautali. Enifermeru anapita ku Fingoe ndi koluna ina, akuti abwera sabata ya mawa, kapena inayo.

Kulibe kapela. Ena apemphera pansi pa mtengo, ine sindinapite. Amayi a Luwiza sakudzuka. Phala alawa pang'ono n'kukankha mbale. Mpweya ukulira m'chifuwa ngati wina akucheka thabwa patali.

Mwera ukuchokera mbali ya kumwera monga mwa masiku onse, ndipo pano palibe mango kapena nkhokwe youtchinga. Ndatsitsa zitseko za Ntchembere. Ndaziimika mbali ya mphepoyo, kumutu kwa mkeka, ndazimanga ku nsanamira ndi luzi. Pamene zakumana, mizere ya kapoti yagwirana bwinobwino, mpata palibe. Mbali zitatu zotsalazo ndi bwalo.

Anthu a mizere ina akubwera kudzaona nyumba ya zitseko ziwiri yopanda khoma. Alamu a Tome akuwabweza.

Ntchembere ili apo pafupi ndi waya, yopanda zitseko, nkhuku za eni zayamba kale kukweramo. Gazolina watsala wochepa, ndipo kopita kulibe.

Chakumadzulo amayi a Luwiza atsegula maso. Ayang'ana zitseko nthawi yaitali, kenako ine. Milomo youma, koma kakumwetulira kaja kalipo. Akuti: “Bambo a Luwiza, kwezani galasi. Kukuzizira.”

Ndagwada, ndapukusa. Lakwera bwinobwino mpaka pamwamba, osalira.