Mlandu wa Taima ya Boyila ku Partick

Amene akuti ndikunama aimirire pompano, aike kapu yanga pansi, atchule dzina lake ndi la abambo ake. Palibe? Inu ana a ku yunivesite mumachoka ku Hillhead kudzandithera mabisiketi, n'kumatsinana ndikayamba kulankhula. Ine ndinaphunzira kumishoni, kumene bodza limodzi linkakulimitsa munda wa aphunzitsi mpaka matuza.

Chaka chomwe ine ndi Nachisale, mayi a kunyumba kuno, tinalowa m'fulati ino ya lendi muno mu Glasgow, kunagwa chisanu chimene eni dziko anachikana kuti si chawo. Ndipo inali nthawi yathu yolandira mlaga, mapemphero a Lachinayi madzulo amene timachitira m'nyumba za akhristu. Tsono boyila yotenthetsa nyumba imalamulidwa ndi kabokosi ka pakhoma kotchedwa taima, ndipo kameneka kanali kamwano. Masana, mlendo kulibe, kankayatsa moto mpaka makandulo kuwerama, koma alendo akangogogoda kankazimitsa zonse.

Lachinayi loyamba tinayamba nyimbo yotsegulira, koma mawu ankangotuluka m'kamwa n'kuuma, n'kumagwera pa kapeti ngati mtedza, besi payekha, mawu a amayi paokha, ndipo a Mbewe, mkulu wa mpingo mnzanga wa ku Springburn, atatsinzina kuti apemphere zikope zinamatana, mpaka Nachisale anachita kuwathira tiyi kumaso. Mukumva? Potuluka a Mbewe ananena mwaulemu kuti mlaga usamukire kwawo, kumene kuli kofunda. Kwawo, kumene pemphero limayamba mochedwa, ana akutafuna makirisipi. Ndinawauza kuti mlaga suchoka m'nyumba yanga ine ndili moyo.

Ndinayamba mwadongosolo, monga tinaphunzitsidwira. Ndinayang'ana singano ya puresha, inali pamalo pake. Ndinasintha mabatire. Ndinatenga kakiyi n'kutsegula marediyeta, zitsulo zofunditsa zipinda, kuti mpweya utuluke, ndipo munatuluka mpweya wa anthu onse a lendi amene anakhala muno kuyambira nthawi ya sitima za malasha, unandivula chipewa, chipewa chinatulukira pawindo, chinawoloka mtsinje wa Clyde, ndipo mpaka lero ku Govan kuli nkhunda imene imachivala Lamulungu. Taima inangondiphethira.

Ndinaimbira landilodi. Anandifunsa ngati wotchi ya pa taimayo inali yolondola. Ndinamuuza kuti ndi yolondola kuposa mawotchi onse a mu Glasgow, chifukwa ndinaichuna ndekha tsiku lolowa, pa nthawi ya kwathu, monga wotchi iliyonse ya m'nyumba muno. Mtundu wa anthu umene umakankha mawotchi ake kawiri pachaka, kutsogolo kenako m'mbuyo, ngati kuti Mulungu analakwitsa poika dzuwa, sungandiphunzitse nthawi. Ine ndikafuna kukwera basi ndimachotsera maola awiri m'mutu. Ngati nkhalamba ikutha samu imeneyi, kabokosi ka magetsi kalephera bwanji? Landilodi anadula foni, ndipo ndinadziwa kuti mawu amulowa.

Nachisale anali akumvetsera atafunda bulangete.

"Abambo, ingobwezani kawotchiko m'mbuyo, anthu a eni asatifere m'nyumba."

Ndinawayankha kuti mwana akalakwa samu, sitisintha samuyo.

Ndinavala jekete ndi tayi, ndinakoka mpando n'kukhala maso ndi maso ndi kabokosi kaja, ndipo mlandu unayamba. Ndinakawerengera malamulo khumi, ndinakafunsa katekisimu kuyambira funso loyamba, ndinakayang'ana ndi diso lija limene linkaletsa anyamata a kwaya kutsokomola, mpaka manambala ake ananjenjemera, ziro anatuluka thukuta, mapaipi a mdadada wonse anabuula ngati ng'ombe, ndipo aneba a pansi, amene sanapondepo m'tchalitchi chibadwire, anakwera masitepe kudzapempha ubatizo. Mukundimva inu a kumbuyoko? Pamenepo kanayankha, mwachichewa chabwino, kuti iko kamayatsa moto pa ola lenileni la mapemphero, ola la kwathu limene ndinakapatsa, ndipo sikanaphonyepo. Ochedwa ndi anthu.

Ine ndine woweruza wachilungamo. Ndinakapeza kopanda mlandu, ndipo ndinakapukuta fumbi.

Lamulungu lake ndinaimirira mumpingo n'kulengeza kuti mlaga uziyamba msanga ndi maola awiri, kuti ufanane ndi boyila. Kunali kung'ung'udza. Ena ankati manesi amakhala asanaweruke, ena ankati ana amakhala ali panjira yochokera kusukulu. Ndinawauza kuti belu la kumishoni silinkafunsa ngati wamaliza kusamba.

Lachinayi lotsatira muno munatentha ngati ku Nsanje mu Okutobala, batala anasungunukira m'filiji, ine ndinalalikira thukuta lili kamukamu, ndipo mlaga unayamba pa nthawi yake, osachedwa ngakhale pang'ono. Tinalipo ine ndi Nachisale. Mpaka lero timatero, ngakhale kuti tikangoti ameni iwo amavala chikhoti n'kuthamangira basi ya ku Springburn, akuti akukaitana ochedwawo.

Tsono wina asakuuzeni kuti mlaga unasamukira kwa a Mbewe. Mlaga uli muno. Aja amasonkhana kumenekowo ndi anthu ochedwa chabe, ndipo tsiku limene adzafike adzapeza nyumba itazizira, monga kuyenera wochedwa aliyense.