Kachewere wanga, nyimbo ya a Gelevazio

Mukadzamva anthu akwathu, kufupi ndi Mayani, akuimba pa mpira kuti "Kachewere wagubuduka, chigoli chalowa!" chonde musadzandiyang'ane. Nyimbo imeneyo imandiwawa mpaka lero.

Kale timu ya m'mudzi mwathu inalibe nyimbo yakeyake. Wotsogolera zoimba anali a Gelevazio a kwaya ya kutchalitchi, munthu wamtali, mawu ngati wailesi yatsopano. Akangokweza dzanja, azimayi onse nthungululu. Ine nsanje inkandidya, sindibisa. (Mawu ndili nawo inenso, kungoti anthu sanawazolowere.)

Ndiye ndinapeka nyimbo yanga, yaitali bwino, n'kumaiyeserera kudimba. Tsiku lomwe tinkasewera ndi anyamata a ku Kaphuka, mayi akunyumba anandituma kukagulitsa thumba la mbatata ya kachewere kumsika. Ine njinga ndinaikhotetsera kubwalo.

Vuto langa ndine wamfupi. Ndinaimika thumba lija kumtunda kwa bwalo, n'kukwerapo kuti ndiwapose a Gelevazio.

"Achimwene, tsikani, thumbalo latha ntchito," anatero iwo.

"Inu samalani za kwaya yanu," ndinawayankha.

Nditangotsegula pakamwa, thumba lija phwaa! Ine chagada, miyendo m'mwamba. Tsono bwalo lathu, monga mabwalo a kuno kumapiri, ndi lotsetsereka. Kachewere yense anagubudukira kugolo la alendo. Goloboyi wawo anaponda mmodzi n'kugwa ngati ine ndemwe, mpira n'kulowa pang'onopang'ono. Woimbira (wam'mudzi mwathu momwemo, tinene zoona) anati ndi chigoli.

Ndisanadzuke n'komwe, a Gelevazio anali atakweza kale dzanja: "Kachewere wagubuduka!" Khamu lonse: "Chigoli chalowa!" Ng'oma zinalira, uku ana akutolera kachewere wanga m'malaya. Nyimbo yanga ija palibe anamvako ngakhale liwu limodzi.

Zomwe ndinakumana nazo kunyumba tizisiye.

Chimandipweteka n'chakuti aliyense amati nyimboyo ndi ya a Gelevazio. Aaa! Kachewere anali wanga, msana unapwetekawo ndi wanga! Tsiku lina nditamva mwana wanga akuiimba posamba, ndinamufunsa ngati akudziwa chiyambi chake.

"Eya, ababa," anatero, "a Gelevazio anatiuza. Akuti panali kamunthu kena kakafupi kanagwa pathumba."

Koma nyimbo yanga ija ndikadali nayo, ndipo chaka chino ndalima kabichi wamitu ikuluikulu. Ameneyo akadzagubuduka, woyamba kukweza dzanja ndidzakhala ine.