Sangweji Yodutsa Pampanda

Lolemba

Kuchokera ku sikelo. Yusufu watsika! Anesi andiyang'ana ngati ndine ndikudya mwanayo. Akuti Lolemba likubwerali akatsikanso, tigonekedwa kuchipatala.

Mlandu ndi wa alamu anga a Saidi. Sabata yatha anabwera ndi sangweji yokulunga m'pepala, ya nkhuku yofiira, akuti dzina lake Kejani. Yusufu anamaliza yonse. Chiyambire tsikulo phala ayi, mpunga ayi, nthochi ayi. Ndimamulankhula Chichewa, iye amayankha Chishona: "Handidi!" Sindikufuna, sindikufuna, tsiku lonse. Zaka zitatu zokha, makani ngati agogo ake.

A Saidi abwerera ku Joni ndi thiraki, foni sikulowa. Basi, ndiisaka ndekha Kejaniyo. Chitungwiza, tawuni yathu ino, si yaikulu kuposa mayi.

Lachiwiri

Unit C, mwana kumbuyo, dzuwa pamutu. Malo odyera onse ndalowa.

Oyamba: "Chii ichocho?" Sakuidziwa n'komwe.
Ena: sadza, nsima ya kuno, ndi nyama basi, ngati sindikufuna ndipatuke.
Ena aseka mpaka kuitana wophika kuti adzandione.

Bambo wina wachifundo wandipangira buledi, dzira ndi tchipisi m'kati. Kunyumba ndaika bwinobwino pambale. Yusufu wanunkhiza. Handidi. Ndadya ine, nditaye?

Lachitatu

Manyame Park. Yapezeka! Malo a magalasi, zithunzi za zakudya pakhoma, Kejani ili pomwepo yofiira ngati ija. Ndafunsa mtsikana wogulitsa ngati nyama yake ndi ya halali. Akuti, "Nkhuku ndi nkhuku, sisi." Ndasuzumira kukhitchini: chiwaya chimodzi, nkhuku uku, soseji ya nkhumba uku, zikusambira limodzi m'mafuta!

Ndatuluka chobwerera m'mbuyo. Mu kombi Yusufu akulira, ine ndikulira, kondakitala akuti tilire motsitsa.

Lachinayi

A Saidi ayankha. Sakukumbuka kumene anagula, mwina ku Harare, mwina panjira. Akuti Kejani ndi kaphikidwe ka anthu ena a ku Amereka okhala m'madambo, amadya ndi ng'ona zomwe. Ng'ona! Mwana wanga anadya chiyani, Mulungu wanga? Akuseka, akuti, "Inali nkhuku, alamu, musafe."

Ku takishopu ndapeza kapaketi ka zokometsera kolembedwa dzina lomwelo. Ndaphika ndekha. Magetsi athima nkhuku ili pakati, ndamalizira pamakala. Kapaketi ndathira konse, ndani anandiuza kuti n'ka tsabola? Nyumba yonse kuyetsemula. Yusufu: handidi. Bambo ake amaliza zonse misozi ili chuchuchu, akuti mawa ndiphikenso. Si inu mukukakwera sikelo!

Lachisanu

Apongozi atulukira kuchokera ku mzikiti. Amukweza Yusufu m'mwamba ngati akuyesa nkhuku pamsika. "Mwanayu wapepuka. Koma iwe ukunenepa." Ndingoti chiyani? Ndikudya zokana mwana sabata yonse, siketi yasiya kutseka.

Akuti ana awo asanu ndi mmodzi anakula osadziwa sangweji. Amupatsa phala okha. Wawalavulira pa mpango woyera wa ku mzikiti. Tsopano akuti mwana wagwidwa ndi diso loipa, amupempherera.

Madzulo Unit O, kwa bambo wa halali wogulitsa m'kontena. Akuti, "Kejani ndi piripiri amene anapita kusukulu." Wandipangira. Ndafika nayo, ndaika pambale. Handidi. Ndadyanso ine.

Loweruka

Madzi kulibe, mipopi ikungotulutsa mphepo. Ndamusiya Yusufu kwa Mai Tinashe, oyandikana nafe, ndapita kumjigo. Mzere wautali, ndaima ndikuganiza za bedi la kuchipatala.

Pobwera, ndikuona chiyani? Yusufu wakhala pakhonde pawo, masaya tii, akutafuna! Ndataya chigubu. Ndafunsa kuti Kejani mwaipeza kuti? Mai Tinashe akuti Kejani yachiyani, ndi buledi wopaka dovi, chiponde wamba ichi. Mbale zonse n'zakuda chifukwa cha madzi, ndiye angomukulungira m'pepala la khaki.

Pepala! Ndathamanga kunyumba, buledi, chiponde, pepala, ndamupatsa. Wandiyang'ana. Wayang'ana khitchini yanga. Handidi.

Ndabwerera nayo kwa Mai Tinashe, yomweyo, osasintha kanthu. Amupatsa iwo. Wadya yonse mpaka kunyambita pepala.

Lamulungu

Ndiye nkhani ndi imeneyi. Si nkhuku, si tsabola, si Amereka. Chakudya chikhale m'pepala, ndipo chisachokere m'manja mwanga ine amene ndinamubereka.

Ndaphika mpunga ndi nyemba, ndakulunga, ndapatsira pampanda kuseri. Mai Tinashe azungulira, agogoda pageti ngati mlendo: "Yusufu, ndakugulira ku tawuni!" Wadya. Masana mbatata, njira yomweyo. Wadya. Phala lokha lavuta, pepala labooka lisanafike pageti.

Mai Tinashe amalawa kaye chilichonse chodutsa pampanda, akuti ndi ntchito. Alawe. Apongozi akuti pemphero lawo ndi limene lagwira. Ligwire.

Mawa sikelo. Akakwera, anesi adzafunsa kuti ndikumudyetsa chiyani. Ndidzanena zoona: ine sindimudyetsa, ndimangokulunga.