Zitini Zisanu ndi Mfuko Imodzi

Lolemba
Mitengo ina inayi ya chinangwa yafota. Ndikuzula, pansi palibe kanthu. Mfuko! Chinangwa chimenechi ndicho chotifikitsa ku chimanga chatsopano. Zaka zonse ndinali ku njanji ndinkamva sitima ikadali kutali pongoika khutu pa chitsulo. Ndiye kanyama kosaona kandigonjetse ine? Zofunika: zitini zisanu, timiyala, waya, paipi.

Lachiwiri
Ndazika nsungwi m'mauna mwake, chitini cha timiyala pamwamba pa iliyonse, waya wolumikiza zonse. Ikadutsa pansi chitini chilira, ine ndilemba papepala. Nzeru! Akazi anga akuti: "Chitini changa choyezera ufa nachonso chapita kosaka?" Che Jafali, oyandikana nafe munda, akusuzumira. Chinangwa chawo chili bwinobwino. Chifukwa chiyani?

Lachitatu
Chitini chachitatu chalira! Chachisanu! Ndathamanga ndi khasu: mphepo. Kachiwiri: nkhuku. Masana onse zii, koma mitengo iwiri yafota. Mfukoyi wina akuitsina khutu.

Lachinayi
Ndagona chafufumimba, khutu pa paipi yomwe ndazika pansi. Ndikumva kukanda, kukulowera kum'mawa. Mapu anga akukongola: mizere, mivi, yonse yoloza ku Nayuchi. Podzuka, Che Jafali ali chilili pambali panga. "Mukulankhula ndi ndani pansipo, achimwene?" Nsanje basi.

Lachisanu
Kwabwera a tcheyamani a chipani. Akufunsa: Khadi la chipani lili kuti? Wayayu akupita kuti? Bwanji mivi yonse ikuloza kumalire a Mozambique? Ndikuti ndi mfuko. "Mfukoyo dzina lake ndani?" Ndikuopa, osanama. Anthu atengedwapo pa zochepa kuposa izi.

Loweruka
Akuti ndiionetse. Ndikukumba kuyambira m'mawa, iwo ali pamthunzi. Theka la munda ndazula ndi manja angawa. Mfuko osaoneka! Kenaka aika okha khutu pa paipi, nkhope yasintha. "Iyayi, ndi mfukodi. Koma zipangizozi tikasunge ife." Atenga zitini, waya, paipi, mapu, ndi dengu la chinangwa. Akuti umboni.

Lamulungu
Zotsala: mizere itatu ya chinangwa, msana wothyoka, akazi oyeza ufa ndi manja, osandiyang'ana. Che Jafali andipatsa moni waulemu kwambiri. Dothi latsopano latumphuka pamzere womaliza. Sindinalione, sindinamve kanthu. Idye. M'dziko muno mfuko yokha ndiyo imayenda kumene ifuna popanda woifunsa khadi.

Tsamba ili ndiliwotcha.