Makapisozi Ofiira ndi Tambala Wanga

Nkhani iyi ana anga amandiletsa kuinena pamaso pa alendo, akuti imanyozetsa banja. Koma manyazi ake ndi anga, bondo lake ndi langa, tambala wakenso anali wa pakhomo panga. Ndiinena basi.

Masiku amenewo ndinali mphunzitsi pa kasukulu kena kumapiri, cha kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Choko ndinkachigwira bwino ndithu, koma chimene anthu ankandidziwira ndi mganda. Ndine ndinkavina kutsogolo, kabudula woyera wosita ndi ayironi yamakala, masokosi mpaka m'mawondo, kampango m'manja. Akulu a mpingo sankakondwa nazo, koma poti chipani chinkafuna magule, ankangotsokomola n'kuyang'ana kumbali.

Tsiku lina a tcheyamani a chipani analengeza kuti magulu a mganda a m'dera lathu apikisana, ndipo lopambana lidzakwera lole kukavina ku sitediyamu pa chikondwerero cha ufulu. Ine amene ndinali ndisanavinepo kupitirira pa Madisi, mtima unakwera m'mwamba. Gulu lotiopsa linali limodzi lokha, la kutsidya kwa dambo, ndipo wolitsogolera anali Lufeyo, msuweni wanga, mwana wa amalume. Chisuweni mukuchidziwa: kunyozana kwake kulibe mlandu, ndipo Lufeyo ankaugwiritsa ntchito ufulu umenewo mopanda chisoni.

Ndiye bondo langa lakumanja linasankha nthawi yomweyo kutupa ngati dzungu. Chitunda chopita kusukulu ndinkachikwera mopumira. Anyamata a m'gulu anayamba kunong'onezana zoika wina kutsogolo, ndipo kunena zoona zinandipweteka kuposa bondolo.

Mwayi wake, pa kachipatala kathu panafika ofufuza za mankhwala ochokera ku Blantyre. Wowatsogolera anali mayi wachitsikana, dokotala wamagalasi, mwana wa kuno konkuno. Anatisonkhanitsa pakhonde ife a mawondo, a misana ndi a nyamakazi, n'kutifotokozera kuti kale mankhwala ochotsa ululu ndi kutupa ankangobwera atayesedwa pa anthu akunja, amene sanagwirepo khasu kapena kuwerama m'munda wa fodya. Tsopano dziko lathu linali litayamba kudzifufuzira lokha, ndipo litachoka pa malungo ndi chifuwa, linali litafika pa mawondo athu. Ine ndinkagwedeza mutu kwambiri kuti aone kuti pagulupo pali mnzawo wa sayansi.

Nditacheuka, ndinaona Lufeyo ali pa layini yomweyo, akutsimphinanso. Tinayang'anizana ngati agalu okumana pa fupa limodzi.

Atatiyeza, anatipatsa aliyense kaenvulopu kake. Lufeyo anatsegula kake: makapisozi ofiira, onenepa, onyezimira. Ine ndinatsegula kanga: timapilitsi toyera, tating'ono ngati mano a mbewa. Tsono kwathu ngakhale mwana amadziwa mndandanda wa mphamvu. Pamwamba pali jakisoni, kenako kapisozi wofiira, ndipo pansi penipeni pali piritsi loyera, lija mumagula pa golosale mutu ukamawawa. Adokotala anatichenjeza kuti aliyense amwe zake, osagawana. Koma mawu akuti osagawana kwathu kuno amathera pa geti.

Pobwerera Lufeyo ankagwedeza kaenvulopu kake pafupi ndi khutu langa.

“Aphunzitsi, boma limadziwa anthu ake. Inu akupatsani a mutu poti ntchito yanu ndi yamutu.”

Ndinayesa kumuuza kuti mwina anasokoneza maenvulopu. Ndinamukumbutsa kuti mayi anga ndi amene anamulera bambo ake atapita ku Joni. Iye ankangoimba mluzu. Tikufika pa mphambano anati tikhoza kusinthana, koma iye wakhala akusirira tambala wathu wamawanga uja, amene akazi anga, a Nabanda, ankamusunga ngati mwana woyamba.

Madzulo omwewo tambala anawoloka dambo ali m'khwapa mwa Lufeyo. A Nabanda anandifunsa kuti wapita kukatani. Ndinati wapita kukathandiza kafukufuku wa dziko. Mbale zinalira kwambiri tsiku limenelo.

Kapisozi woyamba nditangomeza, ndinamumva akutsika molunjika kubondo. Sindikunama, ndinamumva. M'mawa mwake ndinakwera chitunda chija ndikuimba nyimbo ya m'buku. Bondo linali likadali lotupa ndithu, koma ndinkati ndi mankhwala adzaza m'menemo akugwira ntchito. Ndinayamba kuphunzitsa ana za mphamvu ya mtundu wofiira, phunziro limene silinali pa silabasi iliyonse.

Tsiku la mpikisano bwalo linadzaza. Gulu la Lufeyo linavina bwino, ndisamunamizire, ndipo kutsimphina kwake kunali kutatheratu. Ndinangoti mumtima, timapilitsi ta mutu tija tayesetsa. Kenako ng'oma yathu inalira, mabadza, malipenga athu a zipanda aja, analirira pamwamba, ine ndinameza wofiira wina pamaso pa anthu n'kulowa. Ndinatsika mpaka kabudula kukhudza fumbi, n'kudzuka ngati pali wondikoka. Ndinazungulira pa mwendo wodwala womwewo. Amayi a chipani anataya ulemu n'kuthamangira m'bwalo ndi nthungululu. A tcheyamani sanachedwe n'kufunsa anzawo: lole inali yathu.

Ndikanangokhala chete, nkhani ikanathera pokoma pomwepo.

Kutatsala pang'ono kuti tinyamuke, ofufuza aja anabweranso kudzaona mmene tikupezera. Pakhonde panadzaza, a Nabanda analipo, ngakhale a tcheyamani anabwera kudzalandira alendo. Asanandiitane n'komwe ndinaimirira, n'kukonza tayi. Ndinathokoza boma, ndinathokoza sayansi, ndipo Chingerezi chinayamba kutuluka chokha. Ndinati makapisozi ofiirawa awatumize dziko lonse, oyerawo asavutike nawo. Ndinanjuta n'kudzuka, kunjuta n'kudzuka, kuti aone ndi maso awo.

Adokotala anavula magalasi.

“Pepani bambo, inu si tinakupatsani oyera?”

Ndisanapeze poyambira, Lufeyo anali ataimirira kale. Anafotokoza zonse, za pa mphambano, za amalume ku Joni, mpaka mmene tambala uja anakomera ndi tsabola. Adokotala anagwira pakamwa. Kenako anatenga kapisozi wofiira mmodzi, n'kumutsegula pachikhatho, n'kundionetsa.

“Talawani, bambo.”

Ndinalawa. Unali ufa wosakaniza ndi shuga.

Anafotokoza mofatsa kuti mankhwala enieni anali oyera aja. Ofiirawo anawakongoletsa dala, chifukwa ankafuna kudziwa kuti pa kuchira kwa munthu, gawo la mankhwala ndi liti ndipo gawo la chikhulupiriro ndi liti. Anawonjeza kuti ine ndi Lufeyo tawasokonezera ntchito, ndiye atichotsa pa kafukufukuyo.

Khonde lonse linagwa ndi phwete. Gogo wina wa nyamakazi anaseka mpaka kutaya ndodo. Ndipo choipa kwambiri n'chakuti nthawi yomweyo bondo linaluma. Linamva zonse, bondo lija, ndipo linakwiya. A tcheyamani anandiyang'ana kumwendo n'kufunsa ngati ku sitediyamu ndikavinadi, kapena lole aipereke kutsidya. Lufeyo anayamba kukonza kolala.

Apo m'pamene magazi a mganda anandibwerera.

“Lufeyo,” ndinatero, “iwe unamwa mankhwala enieni a boma. Unadyanso tambala wanga kuti upeze mphamvu. Ine ndinakugonjetsa ndi ufa! Ukanandisiyira oyerawo, bwenzi pano mukundifunafuna pamwamba pa phiri la Ntchisi.”

Phwete linatembenuka n'kumugwera iye. A tcheyamani anapukuta misozi n'kunena kuti lole sisintha. Ine ndinasendera kwa adokotala n'kuwanong'oneza ngati ofiira aja anatsalako. Anandithira odzaza dzanja, phewa likugwedezeka ndi phwete.

Ku sitediyamu ndinavina kutsogolo, kapisozi ali m'mimba, ndikudziwa bwinobwino kuti ndi ufa. Bondo ndinangolipempha kuti tisakambirane za sayansi mpaka titabwerera. Linamvera, ngakhale pobwera linandilipiritsa mwezi wathunthu, ndipo amene analiphwetsa ndi timapilitsi toyera tomwe tija.

Nditafika kunyumba ndi ulemerero wanga wonse, a Nabanda anandilandira chikwama, n'kundilozera mtanga wa ufa uli pakona.

“Abambo, mankhwala anu aja ndi awo, adzaza mpaka pakamwa. Mukafuna ofiira mundiuze, ndithiramo chidede. Koma tambala wanga abwere.”

Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti chikhulupiriro chimavinitsa wolumala, koma sichibweza nkhuku yodyedwa.