Chipanda Chosatha cha Mfanane

M'dziko la Kamimba, komwe ankalamulira mfumu Tamandani, munali lamulo lakuti nyumba yophikira izikhala yotseka pakasowa chophika, kuti nkhuni zisathere pachabe. Pakhomo pake pankakhala mlonda Kakamira, amene ankachokapo pokhapokha akaona mayi Mwatitha atasenza chipanda cha mkaka. Pamenepo ophika ankasonkha moto, ana ankamwa, ndipo mkakawo ukatha mlonda ankabwerera pamalo pake, mayiyo n'kubwerera kwawo wopanda womuperekeza.

Chaka china kunafika mkazi wachilendo dzina lake Mfanane, wotumidwa ndi anthu a kutsidya amene ankasuzumira dzikolo pagalasi. Chipanda chake chinali choyera ngati cha Mwatitha, moti Kakamira atachiona anachoka pakhomo, osabwereranso, pakuti chipandacho sichinkatha. Ophika ankathira mumphika, koma zamkatimo sizinkapsa kapena kumweka, ndiye ankazibwezera m'chipanda momwemo n'kuwonjezera nkhuni. Mfumu poona utsi wosalekezawo inati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo inamuveka mikanda n'kumukhazika pampando.

Mwatitha mtima unamuwawa. Ankawerama akamadutsa pabwalo, koma diso lili pamikandayo, akukumbukira zaka zonse zimene khosi lake linapindika ndi katundu popanda ngakhale zikomo. Atakadandaula, mfumu inamuyankha kuti: "Mayi, nsanje ndi matenda. Inu mumabwera ndi zakutha, mnzanuyu wabwera ndi zosatha." Choncho analeka kupita kubwaloko, namagona akutembenukatembenuka pamphasa.

Patapita miyezi, kulira kwa ana kunamudzutsa, nasenzanso chipanda. Anapeza khomo lili pululu, ophika atagona ndi kutopa, nkhuni zitatheratu m'dziko lonse. Mfanane anali pampando paja yekhayekha, ndipo Mwatitha anamuthira mawu onse amene anasunga, kuti wamulanda ulemu, wamulanda khomo, wamulanda dzina.

Mlendoyo anamvetsera mpaka pamapeto, kenaka anavula mikanda ija n'kuiika pansi. "Amene anandituma ankangofuna kuona ngati khomoli lingatseguke," anatero motsitsa mawu. "Chifikireni changa, ana akamalira usiku amatchula dzina lanu. Ine palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kwa ine ndi chikho. Ndiuzeni, mayi, mumamva bwanji mukamabwerera kwanu chipanda chili chopepuka?"